Chipinda cha mkazi amene sanafike

Anzanga, Kenani ndinakumana naye pa depoti ya mabasi ku Morley, kuno kumzinda wa Perth, mu 2021. Ndinali pa foni ndikukalipira mng'ono wanga, masiki ili pachibwano. Mnyamata amene anaima pambali panga anangoti, "Mukhululukireni mwanayo, achemwali." Ndinachita manyazi, koma nambala ndinapereka.

Iye nesi, ine wosamalira okalamba. Boda inali yotseka chifukwa cha mliri, kumudzi kosapitika, ndiye chikondi chinakula ngati bonongwe wa m'dzinja.

Vuto linali limodzi. Amalume anga a ku Rockingham, konkuno ku Perth, anandiuza mosapsatira mawu kuti mnyamatayo abweretse nambala ya nkhoswe wake pofika Lamlungu, apo ayi ndimusiye. Kenani nkhani imeneyi ankangoizemba. Lero netiweki ya kumudzi ikuvuta, mawa amalume ake adwala...

Loweruka lake anati tikapitidwe mphepo ku katauni kena kummawa kwa Perth, tikaone nyumba yakale ya banja lina la ku China limene linkalima ndiwo zamasamba. Ndinamuseka kuti anzake amatengera zibwenzi kumalo azisangalalo ku Northbridge, iye wandisankhira nyumba ya akufa. Koma mumtima ndinali nditalumbira kuti sindibwerako popanda yankho.

Wotionetsa malo anali mayi wachikulire, mdzukulu wa mwini nyumbayo. Alendo tinali awiri basi. Anationetsa khitchini, mitsuko, ndodo yosenzera madengu paphewa, ndi kathebulo ka zithunzi za makolo kamene amafukizapo lubani. Kenako anatsegula chipinda chakumapeto. Munali bedi la matabwa akuda losemedwa maluwa, kalilole ndi chipeso. Anati m'chipindamo simunagonepo munthu.

Agogo ake aamuna anasiya mkazi ku China. Chipindacho anamangira iyeyo, koma malamulo a dziko lino a nthawi imeneyo sanalole kuti abwere. Patapita zaka anakwatira wina kuno, osamuuza kuti kwawo kuli mnzake. Mkazi wachiwiriyo, agogo aakazi a mayiyu, anadziwa atabereka kale ana.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinanong'oneza m'Chichewa kuti bamboyo anali tambwali.

"Sukudziwa kusungulumwa kwa mwamuna kunja kuno," Kenani anayankha mokweza, mpaka mayi uja anatembenuka. "Anatseka malire si iyeyo."

Ndinamuyang'ana. Munthu akavala masiki umangoona maso, ndipo maso akewo ankathawa anga. Chipumi chonse thukuta.

"Munthu wakufa kalekale ukumuikira kumbuyo chifukwa chiyani?"

Iye anatembenukira ku bedi lija.

"Kenani, kumudzi kuli ndani?"

Mayi uja Chichewa sankamva, koma anatuluka mwakachetechete n'kutisiya awiri.

"Dzina lake ndi Edda," anatero. "Tinadalitsa ukwati ndisanabwere. Visa yake inatuluka... boda ikangotsegulidwa akubwera. Ndimafuna ndikuuze, babe, I swear."

Ndinafuna kukhala pansi, koma pabedi paja panali chingwe choletsa alendo. Ndinangogwira chitseko. Nkhoswe anali naye ndithu, kungoti ntchito yake anali ataigwira kale.

Kumeneko kunalibe basi yobwerera, galimoto inali yake. Ndinakhala mpando wakumbuyo ngati ndakwera taxi. Iye analankhula njira yonse, kupepesa, kulira, kulumbira kuti amandikonda ine. Kwa amalume ndinangoti zalephereka, iwo anagwedeza mutu osafunsa zambiri.

Boda inatsegulidwa mu March 2022. Pa chikondwerero cha Amalawi cha 6 July ndinali kugawa mandasi pamene mayi wina wofatsa, wa chitenje chatsopano, anabwera molunjika kwa ine n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu a Atikonda eti? Ine ndine Edda. Bambo akunyumba ankakutchulani pa foni. Ankati muli ngati mlongo wawo, mumawaphikira akatopa ndi mashifiti. Mulungu akudalitseni, mwandisungira mwamuna."

Kenani anali kumbuyo kwake, atamunyamulira handbag, maso ali pansi.

Ndinkafuna kumuda mkazi ameneyu, anzanga, koma ndinalephera. Ndinamwetulira, ndinati takulandirani, ndinamuikira mandasi awiri m'mbale. Kulira ndinakalirira kuchimbudzi, mpopi nditautsegula kuti anthu asamve.