Zidindo za a Ramazani

Uthenga woitana Chifuniro Matewere ku timu ya dziko la Malawi unamupeza pa foni Lachiwiri masana, atagwada m'bafa ya azungu ku Hout Bay, burashi ili m'manja. Mphunzitsi wa timuyo, a Edmund, anali ataona mavidiyo ake ndipo ankafuna goloboyi wa masewera a hoke pa mpikisano wa ku Nairobi. Tikiti ya ndege atumiza okha. Chifuniro anawerenga kawiri n'kukhala pansi pa matailosi onyowawo. Chimwemwe chinabwera, inde, koma sichinakhalitse. Anaganiza za pasipoti yake, kenako za Lisa, mwana wake wa zaka zinayi. Ku Joe Slovo Park, kumene ankakhala, aliyense amadziwa kuti kutuluka m'dziko muno n'kosavuta, koma pasipoti ikapezeka ndi vuto, subwereranso.

Ku Cape Town anabwera ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pa basi ya masiku atatu kuchokera ku Ntcheu, atatsamira mayi ake a Tereza. Mayiwo ndiwo ankagwira ntchito m'nyumba ya ku Hout Bay ija mawondo asanawakane. Mwana wa madamu ankasewera hoke, masewera othamangitsa kampira kolimba ngati mwala ndi ndodo zokhota kunsonga, ndipo ankasowa womuimira pagolo kuseri kwa nyumba. Basi anaimika Chifuniro pakati pa miphika iwiri ya maluwa. Mwana wina akanathawa. Iye anangoima nji, kampirako kakumuswa m'miyendo, poopa kuti akalira mayi ake awachotsa ntchito. Masiku ano anthu amati ndi luso lobadwa nalo. Bodza lenileni. Anali mantha, kungoti manthawo anamuphunzitsa kusaphethira.

Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analowa kalabu ina ya kumpoto kwa tawuni, atavala zotchinga miyendo zosiya ena, zonunkha ngati nsapato za kudimba. Loweruka lililonse ankakwera matakisi awiri ndi chikwama chachikulu kuposa mwini wake, oyendetsa akumulalatira kuti chikudya mpando wa munthu. Pagolo lomwelo wakhalapo zaka zisanu ndi zinayi. Kalabuyo inakwera ligi kawiri, chala chake chimodzi chinathyoka n'kupola chokhota. Chaka china anamusankha ku timu ya chigawo, koma atamufunsa chitupa cha dziko lino analibe, ndipo Lolemba dzina lake linali litachoka pa mndandanda. Analira masiku awiri, Loweruka n'kubwerera pagolo. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti dziko limene lingamuveke yunifolomu ndi Malawi yekha.

Tsono nkhani ya pasipoti ili chonchi. Mmalawi akalowa muno amapatsidwa masiku makumi atatu, akatha ayenera kutuluka. Nanga ndani angasiye ntchito mwezi ndi mwezi kupita ku boda, ulendo wa tsiku lathunthu ndi theka? Ndiye pali anthu ngati a Ramazani, oyendetsa lole yonyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Mumawapatsa pasipoti, iwo amaiponya m'jumbo pamodzi ndi mapasipoti ena makumi anayi, ndipo pakatha masabata awiri imabwera ili ndi zidindo ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Pasipoti ya Chifuniro inayenda maulendo osawerengeka. Mwini wake kutali kumene anafikako ndi ku Stellenbosch, kukasewera.

Atafika kunyumba Lachiwiri lija anapeza mayi ake akuluka tsitsi la kasitomala pakhomo pa kanyumba kawo ka malata. Anadikira kuti kasitomalayo apite.

"Amayi, zidindo za a Ramazani zija n'zenizeni?"

"Iwe, zaka zonsezi ukufunsa lero?" anatero a Tereza. "Tchalitchi chonse chimadinditsa kwa a Ramazani. A Angelina aja anapita kumaliro December, sanabwerere?"

"Iwo anapita pa basi. Ine ndikudutsa pa airport, kuli ma computer."

"Ndiye usapite."

Lisa ankasewera ndi zidutswa za mesh pansi. A Tereza anamuyang'ana mdzukulu wawoyo, nayang'ananso mwana wawo, n'kupumira m'mwamba.

"Komanso ukapanda kupita udzandida mpaka kumanda. Kawafunse eni ake."

Lamulungu anawapeza a Ramazani akukweza mafiriji ndi njinga pa lole yawo. Anawafunsa mwaulemu, atapinda mawondo pang'ono.

"Relax, sisi," anatero a Ramazani. "Munthu wanga ali pa boda penipeni, ndi wa mu system. Sure, sure. Ukabwere ndi chikho."

Nthawi yonseyo maso awo anali pa chingwe chimene ankamangira firiji. Chifuniro anaona zimenezo. Goloboyi amadziwa munthu amene akuyang'ana uku koma akufuna kumenyera uko, ndiyo ntchito yake. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri, ndipo iye anasankha kumva mawu m'malo mokhulupirira maso ake. Anawayankha a Edmund kuti akubwera.

Masabata atatu otsatirawo sanadye bwino. Akumusambitsa Lisa ankangomuyang'ana nthawi yaitali mpaka mwanayo kudandaula kuti madzi azizira. Kukalabu ndiko kunali chisangalalo. Anamugulira chipewa chatsopano cha pagolo, ndipo mlembi wa kalabuyo, mayi wachikulire wokonda dongosolo, anamulembera kalata yomuchitira umboni, ndi mndandanda wa masewera onse amene anasewera m'zaka ziwiri, tsiku ndi tsiku. Chifuniro anaiika m'envulopu imodzi ndi kalata ya a Edmund.

Tsiku la ulendo, m'mawa, a Tereza ndi Lisa anamuperekeza mpaka pamene operekeza amathera. Chifuniro anamutsina Lisa patsaya, namuuza kuti abwera Lamulungu la sabata yamawa. Kenako analowa pamzere wa mapasipoti. Patsogolo pake panali anthu asanu ndi awiri, ndipo aliyense ankadutsa mosachedwa, chidindo kho, basi wapita.

Wapakauntala anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa. Anaika pasipotiyo pa makina, nayang'ana pa kompyuta. Anaiikanso. Kenako anayamba kutsegula masamba limodzilimodzi, pang'onopang'ono.

"Mukupita kukatani ku Nairobi?" anafunsa m'Chingerezi.

"Kukasewerera dziko langa," anayankha Chifuniro, n'kupereka envulopu yonse asanapemphedwe. Ankaganiza kuti makalatawo amuthandiza.

Mayiyo anawerenga kalata ya a Edmund, kenako ya kalabu. Chala chake chinatsika ndi mndandanda uja n'kuima. Dzanja linalo linabwerera ku pasipoti.

"Pa 14 June chaka chatha, pasipoti iyi ikuti munali pa boda, mukulowa m'dziko muno. Kalata iyi ikuti tsiku lomwelo munali pagolo mu fainolo kuno ku Cape Town, ndipo munasankhidwa wosewera bwino kuposa onse." Anachotsa magalasi. "Pepala limene likunama ndi liti?"

Tsiku limenelo Chifuniro ankalikumbukira bwinobwino: mvula ya June, mapenate atatu amene anatchinga, anzake atamunyamula m'mwamba ndi zovala zake zonse zolemerazo. Akanatha kunena kuti mlembi analakwitsa tsiku. Mawuwo anafika pakamwa ndithu. Koma pa zonse zolembedwa za moyo wake m'dziko muno, choona chinali chokhacho, ndipo anakanika kuchikana.

"Pasipoti," anatero.

Anamutengera m'kachipinda kopanda windo. Mayi uja sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri Chifuniro. Anamuuza kuti kompyuta ikudziwa kulowa kumodzi kokha, kwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Zidindo zina zonsezo sizinadindidwe pa boda iliyonse. Njira zinali ziwiri. Asaine pepala, akwere ndege yake, koma asapondenso m'dziko muno zaka zisanu. Apo ayi mayiyo aitane apolisi, Chifuniro agone m'chitokosi, ndipo mapeto ake amutumizabe kwawo.

"Ndili ndi mwana panjapo," anatero Chifuniro. "Ali ndi zaka zinayi."

"Ndamva," anatero mayiyo motsitsa mawu, n'kumusunthira cholembera.

Atasaina n'kukakhala pa mpando wodikirira ndege, foni inalira. Anali mayi ake.

"Wadutsa?"

"Ndadutsa, amayi."

A Tereza analulutira mu takisi yobwerera kunyumba momwemo, osasamala za anthu. "Ndimanena ine! A Ramazani sanama!" Chifuniro anaganiza zowauza akafika ku Nairobi. Atafika anati awauza akatha masewera oyamba.

Malawi anaisewerera masewera anayi. Awiri anagonja, amodzi anafanana mphamvu, omaliza anapambana ndi chigoli chimodzi, iye atatchinga penate kutatsala mphindi ziwiri. Poimba nyimbo ya fuko analira mpaka anzake kumuseka, poyesa kuti ndi chimwemwe. A Edmund anati sanaonepo goloboyi wosaopa mpira chonchi. Tsiku lililonse ankaimba foni kunyumba, tsiku lililonse ankati awauza mawa.

Lamulungu lija anakwera ndege ndi timu yonse, natsikira ku Chileka, m'dziko limene analisiya ali mwana. Anzake anathamangira abale awo. Iye anaima pambali ndi chikwama chake chachikulu, n'kuyatsa foni. Anapeza kuti mayi ake aimba kasanu ndi kamodzi. Isanathe mphindi inaliranso.

"Iwe, uli kuti?" anatero a Tereza, kumbuyo kukumveka phokoso la bwalo la ndege la ku Cape Town. "Ndege yako yatera kalekale, anthu onse atuluka. Lisa wavala diresi yake ya kutchalitchi, akufunsa kuti utulukira khomo liti."