Fulashi Yofiira, Fulashi Yakuda ndi Mawu a Nabanda

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza mano atagweruka kale. Akazi anga, a Nabanda, atamwalira, akuchikazi anandisudzula mwaulemu monga mwa mwambo. Mkamwini alibe munda. Ndinanyamula khasu ndi bulangete n'kubwerera kwathu ku Mayani, komwe ngakhale agalu anali atandiiwala.

Chikondi, mwana wa mlongo wanga, ali ndi kashopu kolembera zinthu pa kompyuta pafupi ndi msika. Posamukira ku Lilongwe anati, "Malume, mukungokhala. Muzisindikiza mapulogalamu a maliro pano." Ine wa Sitandade 5, kulemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndinavomera chifukwa m'kompyutamo munali nyimbo imene iye anajambula kwaya ya ku Bembeke ikuimba, mawu a Nabanda ali pamwamba pa onse. Makasitomala akasowa, ndipo ankasowadi, ndinkaimvera.

M'mawa wina wa chifunga kompyuta inakana kudzuka. Chikondi anatumiza mafulashi awiri pa minibasi, iliyonse ili ndi mtundu wakewake wa Linux, pulogalamu yoyendetsa makina onse. Pa foni anati, "Ikani wa fulashi yofiira, ngwokongola. Akafunsa zofufuta disiki yonse, vomerani."

"Nanga azakhali ako ali m'katimo?"

"Malume, ndi nyimbo chabe."

Sindinamumvere. Mkamwini safika n'kugwetsa nyumba, amayamba wayesedwa. Ndinalowetsa fulashi yofiira, kudina batani la F12, n'kusankha zongoyesa osaika. Wofiirayo analidi dona, zovala mbee. Koma makina okalambawo anayamba kupuma wefuwefu, mausi kuuma, masipika duu. Nyimbo ndinaipeza, kamzere kakuyenda, mawu osatuluka. Ndinakhala ndekha m'kashopu kozizira, akazi anga akuimba chamumtima.

Wa fulashi yakuda anali wosaoneka bwino, ngati ine. Koma anatseguka msanga, anaizindikira pulinta, ndipo a Nabanda anayamba, akukweza mopitirira muyezo monga kale, kwaya yonse ikuwathamangira pambuyo. Ndinakopera nyimboyo pa fulashi yofiira ija, ipezeko ntchito, kenako wakudayo ndinamulowetsa m'nyumba.

Chikondi atabwera kudzaona anakwinya nkhope. "Mwasankha wonyansa."

"Azakhali akonso anasankha wonyansa," ndinamuyankha, "ndipo sanadandaulepo pagulu."

M'kashopumo ndikadalimo, ndekhandekha. Munthu akabwera ndi kompyuta yake kuti ndimuikire Linux, sindifunsa kuti akufuna wokongola kapena wopepuka. Ndimayamba ndamufunsa kuti m'katimo muli ndani.