Chinangwa cha NyaManda m'Bwato la Mwamuna Wake

Ku Kande mukafunsa za Tereza akuyankhani kuti a Tereza alipo anayi. Nenani kuti NyaManda wa kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndipo adzakulozerani nyumba imene pakhomo pake pali mathandala atatu oyanikapo chinangwa. Mayiyu ndi wamfupi, wa mawu akuluakulu, ndipo chibadwire sanavomerepo kuti ufa wa munthu wina ungayere kuposa wake. Ntchito yoviika chinangwa anaiphunzira kwa amayi ake pa dziwe la mtsinje wa Kamphenje, ndipo waigwira zaka zoposa makumi anayi. Kusenda, kuviika masiku anayi, kusinja, kuyanika, basi moyo wake ndi umenewo. Mwamuna wake, a Henderson Longwe, ndi msodzi, ndipo pakhomopo pali zidzukulu zisanu zosadziwa mawu akuti ndakhuta.

Chaka chatha mvula yamphamvu inagumula dziwe la mankhwala la kampani ina ya kumtunda, yonyika mapolo kuti asadyedwe ndi chiswe. Kutacha, Kamphenje anali kununkha ngati galaja, nsomba zili gada pamwamba pa madzi. Boma silinachedwe, tisaname. Kunabwera magalimoto atatu, anthu ovala magolovesi anatunga madzi m'timabotolo, kenako anakhoma chikwangwani choletsa kumwa, kusamba, kuchapa ndi kusodza, kuyambira mumtsinje mpaka gombe lonse la pamene mtsinjewo umathira m'nyanja. Chinangwa cha NyaManda chimene chinali kale m'dziwe, madengu asanu ndi limodzi, anati chikwiriridwe. Anachikwirira yekha, akulira ndi kutukwana nthawi imodzi.

Woyang'anira zonsezi anali a Mavuto Kachingwe, mkulu wa zaumoyo amene anali atangotumizidwa kuchokera ku Dedza. Munthu wabwino ndithu, koma wokulira pa chimanga ndi kachewere. Chinangwa chimene ankadziwa iye ndi chija chokoma, chokukuta chachiwisi pa siteji ya basi. Anakhala pansi nawerengera bwinobwino kuti munthu amamwa madzi ochuluka bwanji pa tsiku, nalamula kuti galimoto ya thanki izibwera m'mawa uliwonse, nyumba iliyonse zigubu ziwiri za madzi akumwa ndi ophikira.

Zigubu ziwiri! Ophikira chiyani nanga, popeza ufa unali kutha? M'chitini cha NyaManda munatsala wa masiku asanu ndi limodzi, ndipo chinangwa cha kuno n'chowawa, chosaviika sichidyeka. Munda unali wodzaza tho, koma njala inali itakhala pakhonde.

Tsiku lachitatu NyaManda anayang'ana bwato la mwamuna wake lili pamtunda popanda ntchito, nayang'ana zigubu zake. A Longwe anaona m'mene mkazi wawo ankayang'anira, nadziwiratu zimene ankaganiza.

“NyaManda, bwato limenelo ndi ofesi yanga.”

“Ofesi yatsekedwa ndi boma, ada. Bweretsani phula mumate pamng'alu apo.”

NyaManda anazula chinangwa, nasenda, nachiyala m'bwato. Kenako anayenda nyumba ndi nyumba kupempha amayi anzake kuti aliyense athireko theka la chigubu, ufa adzagawana. Madziwo anangofika m'chiuno mwa chinangwa, chapamwamba chili pamtunda, koma panalibenso kwina kotunga.

A Kachingwe anafika akuyendera mudzi, kope lili m'manja, napeza amayi ali pamzere kukhuthulira madzi a boma m'bwato. Anavula magalasi, nawavalanso.

“Mayi, mukudziwa kuti galimoto ija imachokera kutali bwanji? Ife tikuvutika kuti mupeze madzi akumwa, inu mukutsukira mizu?”

“Yewo, abwana, mwatithandiza kwambiri,” anatero NyaManda mwaulemu wokayikitsa. “Koma mwayenda padzuwa. Talawani kaye chakudya chathu.”

Anasankha chinangwa choyera bwino cha pamwamba, nabenthula kachidutswa, napereka ndi manja awiri. A Kachingwe, pofuna kuonetsa kuti sanyansidwa ndi anthu a kumudzi, anakaponya m'kamwa natafuna mwamphamvu. Safunsa anadya phula. Nkhope inakwinyika, maso anadzaza misozi, kope linagwa pansi.

“Lavulani msanga, mwana wanga, musameze!” anakuwa NyaManda, amayi ena akugwirana pamapewa ndi kuseka. “Chimenecho chikapanda kugona m'madzi masiku anayi, chimagoneka munthu. Inu mwawerengera madzi a pakhosi pokha. A m'mimba mwaiwala. Ana anga sangafe ndi ludzu, zoona, koma Lachisanu likubwerali ndiwapatsa chiyani? Madzi a m'chigubu ndi mchere?”

Apa sanasekenso aliyense. A Kachingwe anatsuka m'kamwa, natola kope lawo, nakhala pamphuno ya bwatolo. Manyazi anawagwira, ndipo sanabise. Anafunsa kuti chinangwa cha banja limodzi chimafuna madzi ochuluka bwanji, amasinthidwa kangati, ndipo pagombepo pali mabwato angati amene sakugwira ntchito. NyaManda anayankha ngati mphunzitsi wa Sande sukulu, kubwereza kawiri paliponse pamene ankaona kuti mwanayo sanamve.

Kunena zoona, NyaManda sanakhulupirire kuti kope lija lingabale kanthu. Makope wawaona ambiri. Koma m'mawa mwake galimoto ya thanki itamaliza kudzaza zigubu sinatembenuke. Inatsetserekera kugombe, matayala akukumba mchenga, a Kachingwe akuyenda patsogolo n'kumaikodola. Mabwato asanu ndi awiri anali atandandalikidwa pansi pa mitengo, lililonse chinangwa mpaka pakamwa. Dalaivala anakoka paipi, nayamba ndi la a Longwe.

A Longwe anaima chapatali, manja kumbuyo, akuyang'ana madzi akukwera m'bwato lawo.

“Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikukapa madzi m'bwato limeneli,” anatero mwachisoni. “Lero boma labwera ndi galimoto kudzathiramo.”

“Ndiye muthokoze, ada, koyamba likubwera ndi chakudya chokwanira nyumba yonse,” anayankha NyaManda.

Gombe lonse linafa nacho chiseko, ndi a Longwe omwe, ngakhale iwo anaseka mochedwa.

Mtsinje sunatsegulidwe mpaka mvula itatha, ndipo NyaManda sanasiye kudandaula kuti ufa wa m'bwato umamveka kafungo ka usipa. Koma tsiku lachinayi lija chinangwa chili m'bwato, anadzuka nkhuku zisanatsike, napita kugombe yekha. Kunyumba, m'chitini munali mutatsala ufa wa tsiku limodzi. Anapisa dzanja m'madzi a thovu, nagwira chinangwa chimodzi, nachifinya. Chinaphwanyika m'manja mwake, chofewa bwino. Anakhala pansi pamchenga ndi chimwemwe. Kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nakuwira zidzukulu kuti zibwere ndi madengu.