Supuni M'kamwa

Anandilanda dzino lakutsogolo ndi malo anga mu Fomu 2, zonse tsiku limodzi.

Inali nthawi ya masamu. Ndinamva fungo ngati la mphira wopsa, kenako sindinadziwenso kanthu. Potsitsimuka ndinali pansi, m'kamwa muli magazi, kalasi yonse ili panja ikusuzumira pamawindo. Anatsala aphunzitsi okha, supuni ili m'manja. Akuti ankandikanula mano kuti ndisameze lilime. Lilime ndikadali nalo. Dzino linatsala pasimenti.

Khunyu. Kwathu kuno ku Nsaru amati wakhunyu akagwa, thovu lake likakukhudza watenga. Makolo a anzanga anadandaula. Ahedi anandiitana n'kuti, "Kapume kaye kunyumba, ukachira ubwere." Kupumako kwatha zaka zitatu.

Kunyumba amayi anandipatulira kapu yanga, n'kumanga kansalu kofiira pachogwirira. Sing'anga anandicheka mphini pamutu ndi pachifuwa. Ndinagwabe, kamodzi m'munda wa fodya, kamodzi pafupi ndi chitsime.

Amalume ndiwo ananditengera kuchipatala panjinga. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, anandifunsa za dzino. Nditafotokoza anapukusa mutu.

"Palibe amene anamezapo lilime lake. Munthu akagwa mumamugoneka chammbali, n'kuchotsa zomwe zingamupweteke, basi. M'kamwa osaikamo kanthu."

"Nanga kupatsirana?" anafunsa amalume.

"Ndi matenda a mu ubongo, bambo, si chimfine. Ine odwala khunyu ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Mukundiona ndikugwa?"

Anandipatsa timapiritsi toyera, kumwa tsiku lililonse, osadumphitsa ngakhale ndikumva bwino. Masabata oyamba ndinkangosinza ngati chidakwa. Ndinapirira. Mwezi ukatha ndimakatenga ena. Tsopano ndatha chaka ndi miyezi inayi osagwa. Kansalu kofiira kaja ndinakadula ndekha, amayi akuyang'ana.

Sabata yatha ndinabwerera kusukulu ndi buku langa lakuchipatala. Ahedi ndi omwe aja.

"Wachira, eti?"

"Ndikumwa mankhwala. Werengani."

Sanalitsegule n'komwe. "Nanga ukagwanso m'kalasi?"

"Mudzandigoneke chammbali. Supuni muzitakasira tiyi."

Anati akambirane kaye ndi komiti ya makolo, ndipitenso Lolemba. Ndipita Lolemba. Akati Lachisanu, ndipitanso Lachisanu, ndikakhala pabenchi yapakhomo pa ofesi yawo mpaka atope nane. Anzanga aja analemba kale mayeso a Fomu 4, wina ali ndi mwana kumbuyo. Ine ndikakhala desiki imodzi ndi amsinkhu wa mng'ono wanga. Aseke chibwanyu changa m'kamwamu, sindisamala.

Dzino ndalileka, silingamerenso. Koma inatsala teremu imodzi ya Fomu 2, kuphatikiza Fomu 3 yonse ndi Fomu 4 yonse. Materemu asanu ndi awiri. Amenewo andibwezere.