Makina a Alamu Okokera Nangula

Senderani kuno ana inu, mumve zimene ndalota.

Ndili m'bwato la matanga la malemu amuna anga, lija akulu awo anatilanda maliro asanathe. Kutsogolo kwake alamu angawo aboola matabwa n'kumangirirako makina okokera nangula, onyezimira ngati ketulo yatsopano.

"Mlamu, tapukusani muone," akutero uku akuseka. "Mng'ono wanga ankangothyoka msana ndi chingwe."

Ndikupukusa. Unyolo ukukwera, gobede gobede, uli ndere zokhazokha. Kenaka wawakola mwendo alamu aja.

"Imani kaye mlamu, mwendowu."

"Bwatoli ndi la yani?"

"Tikakambirana kumtunda."

Ndikupukusabe. Unyolo ukuwakulunga ngati ulusi mpaka m'khosi. Nangula akuvuuka amuna anga atakhalapo, atavala jekete tinawaika nayo ija, yosanyowa ngakhale pang'ono. Ine sakundiyang'ana. Akungofunsa kuti, "Achimwene, anakuuzani ndani kuti muboole bwato langa?"

Alamu tawaponya m'madzi m'malo mwa nangula, ndipo bwato laima nji. Amuna anga akhala pansi, akusoka thanga. Ine ndili pachiwongolero.

Ndadzuka dzanja likupukusabe bulangete, ndipo chisoni ndilibe.