Loweluka Limene Ndinalengeza Pachulu

Inu a ofesi ija yowelengela maulendo a njovu, munda wa mlamu wanga watha. Mundimve bwino.

Ine ndine Mwanza wa ku Sandwe. Mawu anga amawoloka mtsinje popanda chimkuzamawu, ndiye anthu anandituma ku Petauke kukafunsa kuti njovu zibwela liti. Tinatopa kugona m'misasa ya kumunda.

Ndinafika m'mawa. Munandiona dzuwa litapendeka. Bwana wanu maso pa kompyuta. Akuti njovu zimatsata mwezi, zimatsatanso madzi a mumtsinje, ndipo ziwilizi siziyendela limodzi, ndiye ulendo wazo umabweleza koma osati ndendende. Akuti makina apeza Loweluka la sabata yamawa. "Likhoza kusuntha pang'ono," anatelo uku akuyankha foni.

Pang'ono pake potani? Sananene. Inenso sindinafunse. Ine wa imvi, kufunsa kawili munthu wovala tayi?

Kumudzi ndinakwela pachulu. "Loweluka! Mpaka Loweluka gonani m'nyumba!"

Amai Daka, mkazi wa malemu mng'ono wanga, anandifunsa. "Alamu, mwatsimikiza? Ndipite kukaona mwana kuchipatala ku Nyimba?"

Ndinati pitani, makina sanama.

Lachiwili m'mawa, Loweluka lija lisanafike, tinapeza mapesi okhaokha ndi ndowe m'munda mwawo.

Dzulo ndinabwelela ku ofesi kwanu. Bwana uja anatembenuza kompyuta. "Bambo, onani apa. Njovuzi tazitsata dzinja limodzi chabe, ndiye tsiku likhoza kuphonya ndi sabata, kutsogolo kapena kumbuyo."

Sabata! Kwanu sabata ndi pang'ono? Nambalayo inali pagalasi la kompyuta tsiku lija, mumaisungila ndani? Mukanati, "A Mwanza, musachoke kumunda," lilime likanathothoka?

Komatu "kusuntha" kuja ndinakumva. Ndinakusiya panjila, chifukwa "mwina" samveka bwino pofuula, ndipo ndinafuna anthu aone kuti Mwanza wabwela ndi tsiku lenileni. Amai Daka atabwelako ku Nyimba sanandikalipile. Anangoti, "Alamu, mawu anu ndi aakulu," nkuyamba kutola chimanga chopondedwa. Bola akananditukwana.

Ndiye yankhani. Mubwela liti ku Sandwe kudzanena poyela kuti makina anu amaphonya mpaka pati? Anzanga, akakupatsani tsiku, funsani kuti lingaphonye ndi masiku angati, ngakhale akusekeni.

Ine munda wanga ndaudula pakati, mizele ya kumtunda ndi ya amai Daka. Inu mudulako chiyani?