Loweruka Limene Kanema Anayambira Kumapeto

Ba Goodwell Njobvu anafika ku Kafue kuchokera ku Katete kutatsala chaka chimodzi kuti dziko lilandire ufulu, atanyamula bulangete ndi adiresi yolakwika ya malume awo. Anayamba ntchito ya njanji, ndipo fakitale ya feteleza itatsegulidwa anasamukira kumeneko kukasoka matumba. Anali munthu wamfupi, wa khosi lalitali, woopa agalu, atsekwe, ngakhale njinga yoyimitsidwa.

Koma Loweruka masana komboni yonse ya Nangongwe inkawadziwa. Mu holo ya antchito munkaonetsedwa kanema, mawindo atatchingidwa ndi matumba osoka iwo omwe, ndipo pafupi ndi chinsalu panali kampando kawo. Azungu a m'kanema ankalankhula, Ba Goodwell n'kumamasulira mokweza. Vuto linali limodzi. Chingerezi chawo chonse anachitola kwa kapitawo wa njanji, mawu osapitirira makumi anayi, theka lake otukwana. Zotsalazo ankangoyang'ana nkhope n'kupeka. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala pa kampandoko mtima uli m'mwamba, kudikira tsiku logwidwa.

Tsikulo linabwera mu 1972, litavala tayi. Cephas, kalaliki watsopano wa kufakitale yemwe anamaliza sekondale, anakadandaula kwa Ba Evaristo, wapampando wa komiti ya holo, kuti womasulira amanama. Ba Evaristo anagamula kuti Loweruka Cephas akhale kutsogolo, ndipo akagwira bodza, kampando n'kake. Choipa kwambiri, kanema wa sabata imeneyo Cephas anali atamuonera kale ku Lusaka.

Kanemayo anabwera pa sitima m'zitini zitatu, ndipo mvula inali itamatula mapepala a manambala. Ba Lastone, woyendetsa makina, sanade nkhawa. Anali ndi njira yawo: ankanyamula chitini chilichonse m'manja n'kuyamba ndi cholemera kwambiri, poti nkhani imalemera poyamba, anthu onse akadali moyo.

Makina atalira, pa chinsalu panaoneka chimunthu cha chipewa chachitsulo ndi lamba wonyezimira, chikuuluka pamwamba pa nyumba. Zipolopolo zinkachimenya pachifuwa n'kugwa ngati mtedza. Chinagwira mzungu wina wandevu n'kumuponya m'madzi, mzinda wonse n'kuwomba m'manja. Kenako panatuluka zilembo zikuluzikulu.

"Aya ni maina ya bamene banabwela ku phwando," anatero Ba Goodwell.

Cephas anakhosomola n'kulemba m'kabuku.

Chitini chachiwiri chinadabwitsa aliyense. Munthu yemwe uja tsopano anali mu jekete, akunyamula mapepala, bwana akumukalipira.

"Bamuchotsa nchito youluka," anafotokoza Ba Goodwell, thukuta likutsika m'khosi. "Manje ni kalaliki chabe. Muone mwamene asilila."

Holo inaseka, ena akuyang'ana tayi ya Cephas. Mkulu wina wa magalasi atapereka lamba wonyezimira uja kwa kalaliki wa m'kanemayo, Ba Goodwell anati ndi malume ake, achita manyazi poona buluku likugwa.

M'chitini chachitatu wandevu uja, wouma bwinobwino, analanda lambayo, n'kutsekera anthu m'chipinda chapamwamba, n'kumenya munthu wa chipewa mpaka chipewacho chinagubuduka. Munthuyo anayamba kukwera masitepe chokwawa, magazi ali pamphumi, mwendo akuukoka. Amayi a kumsika anaimirira. "Kumbuyo kwako, iwe!" Anakwera sitepe imodzi, n'kugwa, n'kukweranso. Pomwepo filimu inatha, chinsalu chinangoti mbee.

"Manje wafa olo shani?" anafunsa Ba Elina, wogulitsa nsomba zouma, yemwe mawu ake ankamveka mpaka kusiteshoni.

Ba Goodwell sankadziwa. Koma pakamwa panangoyamba pokha.

"Bamayo, pamene enze kuuluka, ndani anamumvelela chifundo? Chipolopolo sichimulasa. Ija ni mvuu chabe. Mvuu ikaimilila pasogolo pa legeni, mungaiombele m'manja? Koma apa alibe lamba, mwendo wathyoka, buluku agwililila na kwanja, akali kukwela kuti akasegulile banzake. Apa ndiye pamene banapangila kanema. Vina vija venze vokometsela."

"Eee, ni zoona," anatero amayi angapo, wina akupukuta maso ndi chitenje.

Cephas anaimirira n'kutsegula kabuku. Anati zitini zasokonezeka, kanema wayambira kumapeto, zilembo zija zimati nkhani yatha, mkulu wa magalasi si malume a munthu aliyense, ndipo mabodza onse pamodzi akwana makumi atatu ndi anayi.

"Ba Njobvu," anatero Ba Evaristo, "ni zoona izi?"

Ba Goodwell anayang'ana kumbuyo. Ba Lastone anali atabisala kuseri kwa makina, ndipo kukanakhala kosavuta kuwakankhira mlandu wonse. Anayang'ananso chitseko, koma pakhomo panagona galu. Choncho anaimirira pa kampando kaja kuti aoneke.

"Ni zoona. Chizungu sinichiziba. Nakhala nikupeka kuchokela pa first."

Kenako Ba Elina anaphulika kuseka mpaka kugwira mnzawo paphewa.

"Ba Goodwell, muganiza ndise bana? Tinaziba kudala! Kuchokela siku ija munakamba kuti hachi ipempha chilolezo ipite ku malilo ku Chipata!"

"Ine ninaziba pa mfumu ija yamene inafunsa mutengo wa nsomba za kapenta," anawonjezera bambo wina wa njanji.

Ba Goodwell anatsika pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi za mantha, pomwe anthuwa ankangodya nzimbe zawo.

Koma chigamulo ndi chigamulo. Ba Evaristo analamula kuti chitini cholemera chija chibwerezedwe pamalo pake oyenera, Cephas akhale pa kampando. Mnyamatayo anakonza tayi.

"Akuti, tiyeni," anamasulira.

Panapita nthawi.

"Akuti, inde."

Ndewu inayamba, mipando ikuthyoka, magalasi akusweka, Cephas ali duu, manja pamawondo.

"Iwe mwana, wagona?" anakuwa Ba Elina.

"Sibakamba kanthu, bamayo. Bamenyana chabe."

"Manje mumutima akamba chani?"

"Mumutima sivimveka."

Munthu wa chipewa anapezanso lamba wake, n'kuuluka, n'kumaliza adani onse anthu asanamalize kusenda nzimbe. Palibe amene anawomba m'manja. Ba Elina anati uyu sakumudziwa, awabwezere wa pamasitepe uja. Amuna awiri onyamula matumba kufakitale anabwera mwaulemu, n'kunyamula Cephas m'khwapa, n'kukamukhazika pa benchi yachitatu, kabuku kali m'manja.

Ba Evaristo anakanda mutu, n'kulengeza chigamulo chatsopano: Ba Goodwell abwerere pamalo pawo, ndipo Cephas azinena zimene azungu akunenadi pokhapokha wina akamufunsa.

Pa zaka zonse zimene holoyo inaonetsa kanema, Cephas anafunsidwa kawiri. Kawiri konseko anali Ba Goodwell, panjira yopita kunyumba, monong'ona, atayamba ayang'ana uku ndi uku.